Duwa la Kachewere

Anabwera Lachiwiri mvula itangokata,
matope a ku Domwe ali m'zidendene,
nakhala pabenchi kuseri kwa msika wa Ulongwe
pomwe ndimapondera mashini yanga.
Anamasula mfundo ya mpango, ine n'kumati ndi ndalama.
Linali duwa la kachewere.

"Mayi Jasinta, diresi langa lioneke chonchi."

Ndinati, "Felizada, za m'tchalitchi zimakhala zoyera,
udzanenedwa."
Anaseka mpaka kutsamwa.
"Ana anayi, woyamba wayamba kumeta ndevu,
zoyerazo ndipusitse nazo yani?
Malata a nyumba yathu anagula ndi munda,
sukulu ukulipira ndi munda, mphete ndi munda.
Ndidzalowa m'tchalitchimo nditavala munda wanga."

Ndinamuyeza.
Mapewa otambalala ndi matumba,
mkono wamanja wonenepa kuposa unzake,
khasu silinama.
Manambala ndinalemba kuseri kwa kalendala yakale.

Nsalu yotere ku Ulongwe kunalibe.
Ndinakwera shapa m'mbandakucha kutsikira ku Tete,
juzi n'kuvulira panjira,
kuoloka Zambezi thukuta lili kamukamu,
duwa lili m'kabokosi ka machesi.
Potsegula m'sitolo ndinapeza lafota,
lada ngati chiwindi.
Mnyamata wogulitsa anayala mipukutu isanu.
Ndinatsinzina, kufunafuna Lachiwiri lija m'mutu,
ndipo ndinaloza wachitatu.
Mamita asanu ndi awiri.
Mametikali otsala anangokwana ulendo ndi botolo la madzi.

Masiku atatu sizasi inagona pansalu
ine osalimba mtima.
Kapulana ukalakwitsa umagula ina pakhomo pomwepa,
koma iyi kwawo n'kutsidya kwa mtsinje.
Tsiku lachinayi ndinadula:
mbali zisanu, monga duwalo lilili,
zopapatiza m'chiuno, zotambasuka pofika pansi.

Kenaka kunabwera apongozi ake, ndi ndodo yawo,
nagwira nsalu ndi zala ziwiri ngati yonyowa.
"Uwu ndi mtundu wa pa Lenti.
Ansembe amavala zotere poika maliro.
Mwana wanga Zakariya sanafe."
Sindinayankhe, mapini anali kukamwa.
Koma usiku mawuwo anandiluma ngati nsikidzi,
pakuti sananame.
Magetsi atathima ndinayatsa kandulo,
ndinatsegulanso kabokosi kaja,
ndipo pakati pa zofotazo panali kadontho kachikasu
kamene ndinakaiwala.

Mikanda yachikasu ndinaisoka ndi manja,
umodzi umodzi, kuzungulira khosi,
ina kutsetsereka mpaka pamtima.
Ndinasiya kuwerenga pa mazana atatu.
Chala ichi mpaka lero sichimva singano.

Poyesa, diresi linakhwepa.
Kukumba kachewere kunamudya thupi Felizada.
Ndinabweza m'chiuno zala ziwiri,
iye ali chiimire, manja m'mwamba,
akundiuza mitengo ya matumba ku Kalomwe
ngati kuti sakuona galasi.
Koma ndinamuona akuliba ndi diso.
Anasiya chiganizo pakati.

Ukwati unali mu Juni, chisanu chikuluma makutu.
Ndinakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko,
maso ali pampendero
pomwe ndikudziwa ndekha kuti msoko unakhota.
Anthu anatembenuka, manong'onong'o anayenda m'mabenchi,
mayi wina anayamba nthungululu nthawi isanakwane.
Apongozi aja anayang'ana pakhosi nthawi yaitali,
kenaka anasendeza ndodo yawo kuti mkwati adutse.

Panja, mpendero unakoka fumbi,
iye sanaukweze n'komwe.
Anandipeza pagulu, nandinong'oneza,
"Ndi lomwe lija, ndendende."
Ine ndikudziwa kuti mpukutu wachiwiri
mwina ndiwo unali woyandikira.
Koma minda inali itakumbidwa kale,
maluwa onse atayoyoka,
panalibe duwa loti litsutse.